Nkhokwe Yopanda Khomo

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, wochedwa Great East Road, akayenda makilomita ngati 45 afika ku Chongwe, dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya. Caka ndi caka, dzinja lisanayambe, Asoli asonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, ndipo pambuyo pace mlimi ali yense ayang'ana kumwamba nakonza khasu lace. Mlimi wa kumeneko adziwa cinthu cimodzi cimene sanaciwerenge m'buku, ndico cakuti mvula siyembekeza munthu. Cimanga cobzalidwa ndi mvula ya mu November cidzaza nkhokwe, koma cobzalidwa mu January cingopatsa mapesi. Tsono munthu ali yense wopanga cipangizo cothandizira mlimi ayenera kuyamba wadziwa cimeneci. Mlandu wa m'nkhani ino ndi wakuti akatswiri a makompyuta, pamodzi ndi akuluakulu a m'maofesi amene awalemba nchito, kawirikawiri saciganizira konse; ndipo zinthu zikalephereka, mlanduwo augwetsera pa mlimi ndi pa kalaliki wamng'ono, amene sanafunsidwe kanthu pa ciyambi.

Kuyambira caka ca 2002 Boma la Zambia lakhala likuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi fetereza ndi mbeu za mtengo wotsika. Thandizoli linayamba ndi dzina lakuti Fertilizer Support Programme, ndipo mu 2009 linachedwa Farmer Input Support Programme, kapena FISP mwacidule. Kacitidwe kace kanali kotere: Boma linkagula fetereza, malole nkumtumiza kumaboma, ndipo alimi ankalandira kupyolera m'makopaletivu ao. Njira imeneyi inali ndi matenda ace odziwika kwa onse. Matumba ankafika mocedwa, ena ankasowa panjira, ndipo m'kaundula munkapezeka maina a anthu amene sanagwirepo khasu. Ndiponso mlimi ali yense ankalandira zofanana, ngakhale uyo amene mtima wace unali pa mbuzi, pa nkhuku kapena pa dimba la ndiwo.

Pofuna kuciza matendawa, m'dzinja la 2015/2016 Boma linayesa njira yatsopano yochedwa e-voucher m'maboma 13, ndipo Chongwe linali limodzi mwa mabomawo. Alimi oyenera kulowamo anali 241,000. Mlimi ankalipira K400, Boma nkuonjezerapo gawo lalikulu, ndipo ndalama zonsezo zinkaikidwa pa khadi ya Visa. Ndi khadiyo mlimi ankapita ku sitolo ya mbeu ndi fetereza imene wasankha yekha, nagula cimene munda wace kapena khola lace lifuna. Ganizo limeneli linali labwino, ndipo wolinyoza alibe cilungamo. Linacepetsa ndalama zimene Boma linkataya pa malole ndi mashedi, linaturutsa maina onama ambiri m'kaundula, ndipo linapatsa nchito amalonda ang'onoang'ono a m'matauni onga Chongwe. Koposa zonse linalemekeza mlimi, pakuti linamuyesa munthu wodziwa munda wace kuposa wa mu ofesi.

Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ofufuza za ulimi, monga a bungwe la IAPRI la ku Lusaka, analemba mabvuto amene alimi anakomana nao. Makhadi ena anafika mocedwa. Ena anafika, koma anali akufa, pakuti mlimi atalipira K400 yace ankayembekeza masabata kuti khadiyo itsegulidwe ndi kuti gawo la Boma lilowemo. Makhadi ena anabwera ndi maina olakwika kapena nambala yolakwika ya citupa ca dziko, cimene anthu acicha reji. Kamakina kowerenga khadi m'sitolo kankafuna netiweki ya foni, ndipo m'midzi yambiri netiwekiyo inali yofoka. Amalonda ena analibe katundu wokwanira. Ciri conse ca zimenezi cioneka cacing'ono kwa munthu wokhala pa mpando mu ofesi. Koma kwa mlimi ciri conse cidya masiku, ndipo masiku a mu December ndiwo cakudya ca caka cathunthu.

Owerenga aganize za mai wamasiye wa ku Kanakantapa amene wagulitsa mbuzi kuti apeze K400. Walawira m'mamawa, walipira galimoto, waima pa mzere kufikira dzuwa litapendeka. Pofika kutsogolo, mnyamata wa m'sitolo ayesa kawiri katatu, nati, "Pepani amai, dzina lanu silikuoneka. Mubwerenso mawa." Maiyo afunsa, "Nanga calakwika nciani, mwananga? Reji yanga ndi iyi." Mnyamatayo sadziwa, pakuti kamakina kangolemba mau awiri atatu a Cingelezi osalongosola kanthu. Maiyo apita kwa mlangizi. Mlangizi amtumiza ku ofesi ya ulimi. A ku ofesi ati nkhaniyo yatumizidwa ku Lusaka. Onsewa ndi anthu abwino, ndipo palibe mmodzi amene wamnamiza. Koma fetereza ali m'sitolo, ndalama ziri ku banki, mvula iri kugwa, ndipo pakati pa zonsezi paima kanambala kamodzi kolembedwa molakwika kamene palibe wa pafupi ali ndi mphamvu ya kukakonza.

Mabvuto amenewa asanathe, njirayi inakulitsidwa kufika m'maboma 39 m'dzinja la 2016/2017, ndipo m'dzinja la 2017/2018 inafalitsidwa m'dziko lonse kwa alimi 1,000,000, pamodzi ndi kaundula watsopano wa pa kompyuta wochedwa ZIAMIS. Dzinja lotsatira maboma ambiri anabwezedwa ku njira yakale ija ya malole, ndipo m'zaka zotsatira e-voucher inankabe nicepa. Inabweranso mu 2023 m'zigawo za Lusaka ndi Central, ndipo mu 2024 inafika m'maboma 74, tsopano mlimi akulandira nambala pa foni m'malo mwa khadi. Kubweranso kwace ndi umboni wakuti ganizo silinali loipa. Tsono funso ndi ili: cinthu cabwino cotere cinapunthwa bwanji, kufikira dziko linataya zaka zingapo likupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo?

Pali yankho limene anthu ena ophunzira alikonda, lakuti anthu a kumudzi ndi mbuli, sadziwa makina. Yankho limeneli ndi laulesi, ndiponso ndi labodza. Mu 1994 bungwe la ku America lochedwa Standish Group linawerenga nchito zambirimbiri zopanga mapulogalamu a kompyuta, nilipeza kuti mwa nchito 100 ziri zonse, 16 zokha ndizo zinatha pa nthawi yace ndi pa mtengo wopangana, ndipo 31 zinasiyidwa zisanathe. Mwa zifukwa zazikulu munali kusafunsa anthu odzagwiritsa nchito pulogalamuyo. Ku England, Boma linayamba mu 2002 nchito yaikulu yoika zolembedwa za odwala onse m'makompyuta. Mu 2011 linaithetsa, ndipo mtengo wace unawerengedwa kuti unafika pafupi mapaundi 10 biliyoni. Kodi madokotala a ku London nao ndi mbuli? Iai. Matendawa ndi amodzi ku London ndi ku Chongwe, ndipo gwero lace liri mwa omanga, osati mwa olandira.

Coyamba ndi kusafunsa, ndipo safunsa anadya phula. Mmisiri womanga nyumba amayamba waona malo, naponda dothi, nafunsa kumene madzi ayenda nthawi ya dzinja. Koma wopanga pulogalamu kawirikawiri akhala mu mzinda, m'cipinda ca magetsi osazima, ndi netiweki yamphamvu, nayesa kuti dziko lonse liri comweco. Iye afunsa mkulu wa ofesi cimene afuna, ndipo mkuluyo afuna malipoti okongola oonetsa kwa nduna ndi kwa opereka thandizo. Palibe afunsa mlangizi woyenda pa njinga kuti foni yace imagwira pati, kapena mnyamata wa m'sitolo kuti adzacita ciani magetsi akazima, kapena gogo wosaona bwino kuti adzasunga bwanji nambala yacinsinsi. Cotero pulogalamu ibadwa yodziwa kukondweretsa woigula, yosadziwa kutumikira woigwiritsa nchito. Dera la Chongwe liri pakhomo pa Lusaka, ndipo bwalo la ndege la Kenneth Kaunda liri m'dera lomweli. Ngati makina anabvuta pano, anzeru akadazindikira kuti adzabvuta koposa ku Shang'ombo ndi ku Chama.

Caciwiri ndi liwiro. Kuyesa cinthu m'maboma ocepa kuli ndi colinga cimodzi cokha, ndico kuona zolakwika ndi kuzikonza. Kucoka pa maboma 13 kufika m'dziko lonse m'zaka ziwiri ndiko kutenga nthenda ya m'nyumba imodzi ndi kuigawira mudzi wonse. Tsiku loyambira nchito zotere kawirikawiri lichulidwa pa msonkhano wa anthu ambiri, amisiri asanafunsidwe. Ndipo tsikulo likayandikira, cimene cidulidwa ndico kuyesa makina ndi kuphunzitsa makalaliki, cifukwa zimenezi sizioneka pa cithunzi. Nchito ikacedwa, akuluakulu aonjezera anthu. Koma Fred Brooks, amene anatsogolera nchito yaikulu ya mapulogalamu ku kampani ya IBM, anaonetsa m'buku lace la mu 1975 kuti kuonjezera anthu pa pulogalamu yocedwa kuicedwetsa koposa, popeza atsopanowo ayenera kuphunzitsidwa ndi omwewo amene ali otanganidwa. Mlimi aidziwa nzeru imeneyi: anthu khumi oimirira m'munda sakhwimitsa cimanga msanga. Kuthamanga si kufika.

Cacitatu ndi kaundula woipa. Kompyuta siyeretsa cimene munthu waikamo. Icisunga monga ciri, niicibweza mofulumira. Nambala ya reji iri ndi manambala 9. Mlangizi ailemba ndi dzanja pansi pa mtengo, wina aikopa m'buku la kopaletivu, wacitatu aitaipa usiku ali wotopa. M'njira yakale, kulakwa kwa nambala imodzi kunalibe kanthu, cifukwa wapampando wa kopaletivu ankamdziwa maiyo ndi nkhope. Makina sadziwa nkhope. Kwa iwo, munthu amene dzina lace lalembedwa mwa njira ziwiri ndi anthu awiri, kapena si munthu konse. Cifukwa cace nchito yoyamba ndi yaikulu koposa inali kuyenda mudzi ndi mudzi m'cirimwe, kuwerenga maina pamaso pa eni ace ndi pa mafumu ao, ndi kukonza zolakwika mvula isanagwe. Koma nchito imeneyi ndi yotopetsa ndiponso iribe ulemerero, ndipo palibe nduna imene idula riboni cifukwa ca kaundula woyera.

Cacinai, cimene anthu saciganizira kwenikweni, ndico kasungidwe ka zolembedwazo ndi zipangizo zoyang'anira mosungiramo. Apa makolo a Asoli ndi Acewa angaphunzitse akatswiri. Nkhokwe yabwino iri ndi zinthu zitatu. Mwini wace akhoza kuyang'anamo nadziwa cotsala, kuti ayese ngati cidzamfikitsa ku masika. Akhoza kulowamo nacotsa cofumbwa cisanaononge cinzace. Ndipo mbeu ya caka camawa siikhala m'nkhokwemo. Ipacikidwa padera pa utsi wa m'khichini, kuti moto kapena mbala zikagwera nkhokwe, banja lisathere pomwepo. Kuona, kukonza, ndi kusunga kope laciwiri pa malo ena: awa ndiwo malamulo a nkhokwe, ndipo ndiwonso malamulo a makompyuta akuluakulu osunga maina ndi ndalama za anthu. Kaundula amene mlimi sangaonemo dzina lace, ndipo kalaliki wa pafupi sangakonzemo colakwa, ndi nkhokwe yopanda khomo. Ingakhale yodzala motani, ana agona ndi njala pambali pace.

Ndipo zipangizo zoyang'anira nkhokwe za makompyutazi zimapangidwa mobvuta kotero kuti ngakhale akatswiri eni ace apunthwa nazo. Pa 31 January 2017, mmisiri wina wa kampani ya GitLab, imene isunga nchito za opanga mapulogalamu a m'maiko ambiri, anali kugwira nchito usiku ali wotopa. Makompyuta awiri anali ndi maina osiyana nambala imodzi cabe. Iye anapereka lamulo lofufuta pa kompyuta yolakwika, ndipo m'kamphindi zolembedwa pafupifupi magigabaiti 300 zinafafanizika. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma pa tsiku la tsoka zinapezeka kuti sizinali kugwira nchito monga anthu ankayesera. Inapulumuka ndi kope limene linatengedwa maola 6 m'mbuyomo, ndipo zolembedwa za maola amenewo zinatayika. Kampaniyo inacita bwino posabisa kanthu ndi posaponya mlandu pa mnyamatayo. Phunziro lace ndi ili: cipangizo cimene cilola munthu wotopa kuononga zonse ndi mzere umodzi, osamcenjeza momveka, ndico colakwa, ndipo mbeu imene sinayesedwe ngati imera siyenera kuchedwa mbeu. Madzi akatayika saoleka.

Nkhokwe ikhozanso kulakwa mwa njira yina, ndiyo kukhala yotseka kwa mwini koma yotsegula kwa mbala. Ku Malawi mu 2013 kunaululika kuba kochedwa Cashgate. Anthu ena a ku Capital Hill ku Lilongwe ankagwiritsa nchito pulogalamu ya cuma ca Boma, yochedwa IFMIS, kulipira makampani amene sanapereke katundu ali yense, kenaka nkufufuta zolembedwazo. Owerengera cuma a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni za ku Malawi zinasowa m'miyezi 6 yokha, ndipo maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zao. Buku la kalaliki wakale, munthu akang'ambamo tsamba, cipsera cace cinkaoneka. Pulogalamu yosungira cuma ca dziko iyenera kuposa bukulo: iyenera kulemba dzina la munthu ali yense wosintha kanthu, tsiku ndi ora lace, pa malo amene wosinthayo sangafikepo.

Coipa koposa zonse ndico kukhulupirira makina kuposa munthu. Ku Britain, kuyambira 1999 kufikira 2015, anthu oposa 900 oyang'anira mapositi ofesi ang'onoang'ono anaimbidwa mlandu wa kuba kapena wa cinyengo, cifukwa pulogalamu yochedwa Horizon inkaonetsa kuti ndalama zasowa. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba zao, ena anamwalira asanayeretsedwe. Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu linapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lofafaniza milanduyo. Mzimu umene unazunza anthu amenewa ndi womwewo umene ulankhula pa zenera la ofesi pamene munthu auzidwa kuti, "Kompyuta yakana," ngati kuti mauwo atha mlandu. Kompyuta sikana kanthu. Akana ndi anthu amene anaipanga, amene anaidyetsa maina, ndi amene anamana kalaliki mphamvu ya kukonza.

Wina angati, ngati ziri tero, dziko libwerere ku mapepala. Ameneyo waiwala ciswe, waiwala mafaelo osowa, waiwalanso maina onama aja amene ankadya fetereza wa amasiye. Ndiponso umboni womtsutsa uli pa msika wa Chongwe pomwepo. M'timisasa ta Airtel Money ndi MTN, agogo amene sanafike Sitandade 3 alandira ndalama zocokera kwa ana ao a ku Kitwe tsiku ndi tsiku, popanda wowaphunzitsa m'kalasi. Zitheka cifukwa njirayo igwira pa kafoni ka mabatani, mafunso ace ndi ocepa, yankho libwera pomwepo, ndipo pali munthu pafupi wothandiza zikabvuta. Eni makampaniwo adziwa kuti cinthu cikabvuta, wogula apita kwina. Mlimi wa FISP alibe kwina kopita. Ndico cifukwa cace omtumikira ayenera kusamala koposa, osati kucepa.

Tsono zofunika si zozizwitsa. Opanga pulogalamu yokhudza alimi akhale masabata angapo ku Chalimbana kapena ku Kasisi, aime kumbuyo kwa mlangizi ndi kwa wogulitsa m'sitolo, aone ndi maso ao. Pulogalamu iyesedwe m'cirimwe, pa foni yotsika mtengo, pa malo a netiweki yofoka, ndipo isakulitsidwe kufikira zolakwika za poyamba zitakonzedwa. Ndalama za Boma zikhale zokonzeka mvula isanagwe, pakuti khadi yopanda kanthu ndi cidutswa ca pulasitiki, ndipo palibe pulogalamu imene ingabale ndalama. Mlimi ali yense akhoze kuona dzina lace pa foni miyezi ingapo dzinja lisanafike. Makina akakana, anene cifukwa cace m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zina za dziko, nanene kumene munthu apite. Ofesi ya pa boma ikhale ndi mphamvu ya kukonza colakwa tsiku lomwelo, dzina la wokonzayo likulembedwa. Makope asungidwe pa malo awiri otalikirana, nayesedwe nthawi ndi nthawi. Ndipo pakhale njira ya pepala yosungidwa pambali, ya tsiku limene makina adzafa, popeza tsikulo lidzafika ndithu. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ndiwo adzakhala kuseri kwa mazenera a maofesi. Ena adzataipa maina m'kaundula, ndipo ena adzalemba mapulogalamu enieniwo. Maphunziro adzawayesa kuti azinyadira makina ndi kupeputsa anthu a nsapato za fumbi oima pa mzere. Akumbuke kuti K400 imene iri m'dzanja la mai uja inali mbuzi, ndi kuti nambala iri yonse ya m'kaundula ndi banja loyembekeza kudya. Kalaliki wabwino awerenga nambala kawiri asanaitumize. Akaona makina akulakwa, alemba colakwaco nacitumiza kwa akulu ace mosaopa, ngakhale anzace amuseke. Ndipo akadzakwezedwa pa udindo, amalonda a mapulogalamu nadza ndi zithunzi zao zokongola, iye adzafunsa mafunso amene mkazi ali yense wa ku Chongwe afunsa womanga nkhokwe yace: khomo liri kuti, alowamo ndani, ndipo mbeu isungidwa pati?